Kodi Zithunzi za Kuthambo Nzoona?

Pakati pa maphunziro onse a sayansi amene timaphunzitsa m'makalasi apamwamba a sukulu ya pulaimale, palibe limene limautsa mafunso ochuluka ngati phunziro la dzuŵa, mwezi ndi nyenyezi. Kale mphunzitsi ankangotenga choko, najambula pa bolodi mizere yozungulira, naika kadontho pakati pake, nati, "Ili ndi dzuŵa." Ana ankakopera m'makope mwawo, nkhani nkuthera pomwepo. Masiku ano sizili choncho. Mwana amakhala ataona kale, m'buku kapena pa foni ya achimwene ake, chithunzi cha mitambo yofiira ndi yobiriŵira yodzala ndi nyenyezi, ndipo akatukula mkono safunsa kuti mapulaneti alipo angati. Iye amafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi chithunzichi nchoona? Nanga anajambula ndani, popeza kumeneko sikunafike munthu?"

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzakumana nalo funso limeneli, ndipo pali mayankho aŵiri achidule amene tikufuna muwapeŵe. Loyamba ndi lakuti, "Nchoona chifukwa chili m'buku." Yankho lotere limazoloŵeretsa mwana kukhulupirira chilichonse chosindikizidwa, ndipo m'nthaŵi ino, pamene munthu angathe kupeka chithunzi pa kompyuta m'kamphindi, chizoloŵezi chimenecho nchoopsa. Lachiŵiri ndi lakuti, "Zimenezo nzongopeka za azungu." Ili ndiye loipitsitsa, pakuti limatsekera mwana khomo la sayansi yonse, ndi kumuganizitsa kuti thambo limene lili pamwamba pa mudzi wakwawo lili ndi eni ake ena. Mphunzitsi wabwino amayankha pofotokoza mmene chithunzicho chinapangidwira. Kuti atero safunikira kukhala katswiri. Ayenera kungogwiritsa mfundo ziŵiri, yakuti chithunzi cha kuthambo ndi kuŵala kounjikidwa, ndi yakuti kuŵalako nkwakale.

Beseni m'mvula ya chiperoni

Tiyambe ndi diso. Mumdima, kabowo kakuda ka pakati pa diso kamakula kufikira mamilimita pafupifupi 7, ndipo kuŵala konse kumene timaonera nyenyezi kumaloŵera pa kabowo kameneko. Komanso diso silisunga kuŵala: chimene lalandira limachipereka ku ubongo nthaŵi yomweyo, nkuyambiranso. Nchifukwa chake maso akazoloŵera mdima, ngakhale titayang'anitsitsa malo amodzi a thambo mpaka tambala woyamba, sitidzaona zambiri kuposa zimene tinaona madzulo.

Kamera imachita mosiyana. Uzani ana aganizire tsiku la chiperoni, pamene mvula imangoŵaza ngati utsi. Munthu akatulutsa dzanja panja kamphindi, dzanjalo limangochita chinyezi. Koma akasiya beseni pabwalo usiku wonse, m'maŵa amapezamo madzi. Mvula ndi yomweyo. Chimene chasintha ndi kukula kwa chotengera ndi kutalika kwa nthaŵi. Telesikopu ndiyo beseni lalikulu, pakuti galasi lake limalandira kuŵala kogwera pamalo aakulu nkukusonkhanitsira pamodzi. Kamera yomangiriridwa kumbuyo kwake imakhala chitsegulire kwa mphindi zambiri, pena maola, ndipo kuŵala kochepetsetsa kumaunjikana mpaka kusiya chizindikiro. Popeza dziko limazungulira, ndipo nyenyezi zimaoneka ngati zikuyenda kuchokera kum'maŵa kumka kumadzulo, telesikopuyo iyenera kutembenuka pang'onopang'ono kuzitsatira. Ikapanda kutero, nyenyezi iliyonse imatuluka ngati mzere m'malo mwa kadontho.

Mu 1840 John William Draper wa ku New York anajambula mwezi pa kachitsulo kopakidwa siliva, ndipo panafunika mphindi pafupifupi 20 kuti chithunzi chigwire, ngakhale mwezi ndi woŵala chotere. Koma nkhani imene timakonda kusimbira ophunzira inachitikira konkuno ku Africa. Mu 1882 kunaoneka nyenyezi ya mchira yoŵala kwambiri, ndipo David Gill, amene ankayang'anira nyumba yoonera nyenyezi ya ku Cape Town, anabwereka kamera kwa munthu wina wojambula zithunzi, naimangirira pa telesikopu yake. Iye ankafuna nyenyezi ya mchirayo, ndipo anaipezadi. Koma chimene chinamudzidzimutsa ndi unyinji wa nyenyezi zina zimene zinatuluka mbee kumbuyo kwake. Pamenepo anazindikira kuti m'malo moyang'ana nyenyezi imodziimodzi ndi diso, nkumalemba malo ake mumdima ndi m'chisanu, munthu angathe kujambula chigawo chathunthu cha thambo, nkudzachiŵerenga masana atakhala pampando. Magalasi ojambulidwa ku Cape Town anatumizidwa ku Holland kwa Jacobus Kapteyn, amene anawayeza kwa zaka zambiri, ndipo pakati pa 1896 ndi 1900 panatuluka mndandanda wa nyenyezi zoposa 450,000 za thambo la kum'mwera, lomweli limene ana athu amagona kunsi kwake.

Tisanapitirire tiyenera kumasulira liwu limodzi. Mzere woyererako umene umadutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi, makolo athu anautcha Mlalang'amba. Lero tikudziŵa kuti ndiwo khamu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo dzuŵa lathu ndi imodzi mwa izo. Makamu ena otere alipo kutali, ndipo nawonso timawatcha milalang'amba.

Tsono mu December 1995 Robert Williams, mkulu wa bungwe loyendetsa telesikopu ya Hubble, anachita chinthu chimene ena ankachiona ngati kuononga nthaŵi. Telesikopuyi inaponyedwa m'mlengalenga mu 1990, ndipo imazungulira dziko pamwamba pa mitambo ndi mpweya umene umaphethiritsa nyenyezi. Galasi lake ndi lotambalala mamita 2.4. Williams analamula kuti ilozetsedwe pa kachigawo kakang'ono ka thambo kamene kankaoneka ngati kopanda kanthu, ndipo ikhale pomwepo masiku khumi. Zithunzi zoposa 300 zitaphatikizidwa, pa malo "opanda kanthu" aja panatuluka milalang'amba pafupifupi 3,000. Mu July 2022 telesikopu ya James Webb, imene galasi lake ndi la mamita 6.5, inatulutsa chithunzi chonga chimenechi cha thambo la kum'mwera itasonkhanitsa kuŵala kwa maola 12 ndi theka, ndipo munali milalang'amba masauzande. Malo amene inajambula ndi ofanana ndi amene kanjere ka mchenga kangaphimbe munthu atakaika pa chala nkutambasula mkono. Musangonena zimenezi ndi pakamwa. Tulutsani ana pabwalo, aliyense atole kanjere ka mchenga, atambasule mkono, ayang'ane kumwamba kopanda dzuŵa, nkuganizira kuti thambo lonse lingafune tinjere tingati.

Kalata yochedwa

Mfundo yachiŵiri ndiyo imene ana amavutika kuilandira, koma akailandira saiiŵala. Yambirani pa zimene akuzidziŵa. Munthu akamadula mtengo kutsidya kwa dambo, timaona nkhwangwa ikugwa, koma phokoso limatipeza iye atakwezanso mkono. Mphezi imang'anima, bingu nkumveka pambuyo. Apa ana amavomereza msanga kuti phokoso limatenga nthaŵi poyenda. Chotsala nkuwauza kuti kuŵala nakonso kumatenga nthaŵi, kungoti liŵiro lake ndi loopsa: makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Msewu wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 300. Kuŵala kungayende mtunda umenewo ka 1,000 pa sekondi. Pa dziko pano kuchedwako sikudziŵika. Kuthambo ndiye kumaonekera.

Kuŵala kwa mwezi kumatifika patapita sekondi imodzi ndi pang'ono. Kwa dzuŵa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Kwa Alpha Centauri, yoyandikana nafe mwa nyenyezi zonse zooneka ndi maso usiku, kumatenga zaka 4 ndi miyezi inayi. Ndiye kuti kuŵala kumene mwana wa Sitandade 7 akukuona usiku uno kunanyamuka iye ali Sitandade 3. Kwa kagulu ka nyenyezi kamene timakatcha Nsangwe kumatenga zaka pafupifupi 440, kotero kunanyamuka m'masiku a mafumu a Kalonga, zaka zoposa mazana aŵiri David Livingstone asanafike pa nyanja yathu mu 1859. Agogo ambiri amakumbukira makalata ochokera ku Joni, amene ankafika patapita masabata: kalata inkati, "Ndili bwino," koma inkanena za tsiku limene inalembedwa, osati za tsiku limene inaŵerengedwa. Chithunzi chilichonse cha kuthambo ndi kalata yotere. Ndiponso chithunzi chimodzi chimakhala mtolo wa makalata a masiku osiyanasiyana, pakuti nyenyezi yapafupi ndi mlalang'amba wakutali zimaonekera limodzi pa pepala lomwelo, pamene kuŵala kwa chimodzi kwayenda zaka mazana, kwa chinacho zaka mabiliyoni. Akatswiri amaŵerengera kuti chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8, ndipo telesikopu ya Webb yalandira kuŵala kumene kwayenda zaka zoposa mabiliyoni 13.

Mwana wochenjera adzafunsa kuti, "Nanga anayeza bwanji, popeza palibe chingwe chingafike kumeneko?" Mwana ameneyu musamukalipire, iye ndiye wamva phunziro. Njira zoyezera zilipo zingapo, koma imodzi inabadwira pa zithunzi penipeni, ndipo ndi yosavuta kufanizira. Munthu woima m'mphepete mwa nyanja usiku amaona nyali za asodzi, zina zoŵala kwambiri, zina zozilala. Ngati akudziŵa kuti nyali zonsezo ndi za mtundu umodzi, angathe kunena kuti yozilalayo ili kutali. Vuto ndi lakuti nyenyezi si za mtundu umodzi: yozilala ingakhale koloboyi ali pafupi, kapena nyali yamphamvu ili kutali.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi mayi wina, Henrietta Leavitt, amene ankagwira ntchito yoyeza magalasi a zithunzi ku Harvard, m'dziko la America. Magalasi amene ankapenda anajambulidwa ku Arequipa, m'dziko la Peru, ndipo ankasonyeza kamtambo kakang'ono mwa timitambo tiŵiri toyererako ta kum'mwera, timene timatchedwa mitambo ya Magellan. Timeneti timaoneka ndi maso kuno kwathu, madzulo a miyezi ya kumapeto kwa chaka, ndipo ana ambiri amatiyesa mitambo ya mvula. Ndi milalang'amba yaing'ono, ndipo kuŵala kwa waukulupo kwayenda zaka pafupifupi 160,000. Poyerekeza magalasi a masiku osiyanasiyana, Leavitt anapeza nyenyezi zimene zimaŵala nkuzilala, nkuŵalanso, mosaphonya nthaŵi. Popeza zonse zinali m'kamtambo kamodzi, zinali pa mtunda wofanana, ngati nyali za m'bwato limodzi. Mu 1912 anasonyeza, pa nyenyezi 25, kuti imene imatenga masiku ambiri kuti ibwereze kuŵala kwake ndiyo yamphamvu koposa. Choncho munthu akaŵerenga masikuwo amadziŵa mtundu wa nyaliyo, ndipo akaona mmene yazilalira amadziŵa mtunda wake.

Mu October 1923 Edwin Hubble, amene telesikopu ija inatengera dzina lake, anajambula kamtambo ka Andromeda ndi telesikopu yaikulu ya ku Mount Wilson, ku California. Panthaŵiyo akatswiri ankatsutsana: ena ankati Mlalang'amba wathu ndiwo chilengedwe chonse, ndipo timitambo totere tili mkati mwake, ena ankati ayi. Pa galasi lakelo Hubble anapeza nyenyezi imodzi ya mtundu wa Leavitt, ndipo ataŵerengera anaona kuti Andromeda ili kutali kwambiri, kunja kwa Mlalang'amba wathu. Iye anapeza mtunda wa zaka za kuŵala zosakwana miliyoni imodzi. Miyezo ya pambuyo pake inasonyeza kuti ndi zaka pafupifupi mamiliyoni aŵiri ndi theka. Kusiyana kumeneku musakubise kwa ana. Kumawasonyeza kuti chiŵerengero cha m'buku la sayansi chili ndi mwini wake amene anachiyeza, ndipo chingathe kukonzedwa ndi woyeza bwino koposa.

Nanga mitunduyo?

Apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kulankhula mosamala, chifukwa kukaika kwa mwana kuli ndi maziko. Makamera a matelesikopu aakulu sajambula mitundu monga imachitira foni. Amajambula zakuda ndi zoyera, koma kangapo, nthaŵi iliyonse kudzera pa kagalasi kosefa kamene kamalola mtundu umodzi wokha wa kuŵala kudutsa. Pambuyo pake akatswiri amapatsa chithunzi chilichonse mtundu wake, nkuziphatikiza. Ngati zosefazo zinali za kuŵala kofiira, kobiriŵira ndi kwa buluu, chotulukapo chimafanana ndi chimene diso likanaona likanakhala lalikulu ndi lodekha ngati telesikopu.

Koma kulinso kuŵala kumene diso silikuona konse. Mu 1800 William Herschel anamwaza kuŵala kwa dzuŵa ndi galasi kuti kutuluke mitundu ya utawaleza, naika choyezera kutentha kupitirira pang'ono pamene mtundu wofiira unathera, pamalo ooneka ngati opanda kuŵala, choyezeracho chinakwera. Ana angamve kuŵala kotereku pa khungu lawo: simbi ya makala yotentha siŵala mumdima, koma munthu akayandikiza dzanja pambali pake amamva kutentha kukumufika. Telesikopu ya Webb imajambula makamaka kuŵala kumeneku, chifukwa kumapyola fumbi la kuthambo, ndiponso chifukwa kuŵala kwa milalang'amba yakutali kwambiri kumatifika kutasanduka kwa mtundu umenewu. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, kuli MeerKAT, gulu la mbale zikuluzikulu 64 zolandira mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ndipo mu 2018 inatulutsa chithunzi cha pakati pa Mlalang'amba wathu, malo amene fumbi limatibisira. Kuŵala kosaoneka kulibe mtundu, choncho akatswiri amakupatsa mtundu kuti tione.

Kodi limeneli ndi bodza? Tsegulani buku la mapu. Mapiri apakidwa kofiirira, zigwa kobiriŵira, ndipo palibe amanena kuti mapu akunama chifukwa phiri la Mulanje si lofiirira. Pambali pali kalozera wofotokoza tanthauzo la mtundu uliwonse. Chithunzi cha kuthambo nachonso chili ndi kalozera wake m'mawu olembedwa pansi pake, ndipo ife timaona kuti mphunzitsi wopachika chithunzi m'kalasi atadula mawu amenewo wachita ngati wopachika mapu opanda kalozera.

Pali mtundu wina wa zithunzi umene suli kujambula kwa kamera konse, koma ntchito ya mmisiri wa zojambulajambula wotsogozedwa ndi zimene akatswiri apeza. Chithunzi chosonyeza mapiri ndi nyanja za pulaneti lozungulira nyenyezi ina ndi cha mtundu umenewu, pakuti palibe telesikopu imene inaonapo nthaka ya pulaneti lotere. Chimodzimodzinso chithunzi chosonyeza Mlalang'amba wathu wonse ngati woonedwa kuchokera kunja: palibe chombo chimene chinatulukamo. Chombo chimene chapita kutali koposa zonse, Voyager 1, chinanyamuka mu 1977, ndipo pofika 2024 chinali chisanakwanitse mtunda umene kuŵala kumayenda pa tsiku limodzi. Zojambula zotere si zoipa, koma ziyenera kutchedwa ndi dzina lake.

Anajambula ndani?

Zambiri mwa zithunzi za nyenyezi sizinafune kuti munthu apite kumeneko, chifukwa kuŵala ndiko kumabwera kwa ife. Zina zinajambulidwa ndi zombo zopanda anthu. Mwezi umatilozetsa mbali imodzi nthaŵi zonse, ndipo kuseri kwake kunaoneka koyamba mu October 1959, pamene chombo cha Soviet Union chotchedwa Luna 3 chinajambula pa filimu, nkuitsuka chokha mkati mwake, nkutumiza zithunzizo pa mafunde a wailesi.

Zoŵerengeka zinajambulidwa ndi dzanja la munthu, ndipo chimodzi mwa izo tikufuna chipachikidwe m'kalasi iliyonse ya m'dziko muno. Pa 7 December 1972, amuna atatu a m'chombo cha Apollo 17 ali pa ulendo wopita ku mwezi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 29,000, dzuŵa lili kumbuyo kwawo, anajambula dziko lathunthu loŵala bwino. Mbali imene inayang'anizana nawo ndi yathu ino: Africa kuyambira ku chipululu cha Sahara mpaka ku Cape, Arabia, chilumba cha Madagascar ndi madzi oundana a Antarctica. Lolani ana apeze Madagascar, kenaka aloze okha pamene pali Malaŵi, Zambia ndi Mozambique; adzaona kuti palibe mzere wa malire ngakhale umodzi. Auzeninso kuti pa filimu yoyambirira kum'mwera kunali pamwamba, ndipo chithunzicho chinatembenuzidwa kuti chifanane ndi mapu amene anthu anawazoloŵera. Tembenuzani chanucho mozondotsa kwa sabata imodzi, mumve zimene ana adzanena. Ndiyo njira yachidule yophunzitsira kuti kuthambo kulibe pamwamba kapena pansi. Pambali pake muikepo china cha pa 14 February 1990, chimene Voyager 1 inajambula ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi mabiliyoni 6 potsatira pempho la Carl Sagan. Dziko lomwe lija likuoneka ngati kachitsotso kamodzi, kovuta kukapeza popanda wina kukuloza.

Zimene kamera sinagwire

Ana amaganiza kuti akatswiri anamaliza kudziŵa zonse, ndipo ena a ife timalimbikitsa maganizo ameneŵa poopa kuoneka osadziŵa. Koma zithunzi zomwezi zinavumbula zinsinsi zimene mpaka lero sizinamasulidwe. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza liŵiro la nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba, napeza kuti zimathamanga kwambiri kotero kuti zikanayenera kumwazika, monga mwala umathaŵira chingwe cha gulaye chikamasuka. Popeza sizimwazika, payenera kukhala chinthu cholemera chozikoka, chimene sichiŵala ndipo sichioneka pa chithunzi chilichonse. Akatswiri amaŵerengera kuti chinthu chosaonekachi nchochuluka pafupifupi kasanu kuposa zonse zooneka, koma chimene chili sanachipeze. Mu 1998 magulu aŵiri a akatswiri anapezanso kuti chilengedwe, chimene chinali chodziŵika kale kuti chikufutukuka, chikufutukuka mofulumirafulumira, ndipo chochititsa chake nachonso sichikudziŵika. Mwana akafunsa za zimenezi, yankho lakuti "Akatswiri akali kufufuza" ndi loona, ndipo silichotsa ulemu wa mphunzitsi.

Kamera yopanda ndalama

Sukulu zathu zambiri zilibe telesikopu, koma iliyonse ili ndi mtengo. Masana dzuŵa lili pamutu, tengani ana pansi pa mtengo wa masamba othinana, monga wa mango, muyale pepala loyera pansi. Timadontho ta kuŵala timene timagwera papepalapo ndi tozungulira, ngakhale mipata ya pakati pa masamba si yozungulira. Afunseni chifukwa chake, ndipo musafulumire kuwauza. Kadontho kalikonse ndi chithunzi cha dzuŵa, pakuti mpata waung'ono uliwonse ukugwira ntchito ya kamera. Pa tsiku la kadamsana timadonthoti timasanduka ngati mwezi watsopano.

Kenaka tengani chidutswa cha katoni, muchiboole ndi singano kabowo kamodzi kosalala. Mwana mmodzi achigwire moyang'anizana ndi dzuŵa, iye atalifulatira, ndipo wina agwire pepala loyera pa mtunda wa mita imodzi, mumthunzi wa katoniyo. Papepalapo padzaoneka kabwalo koŵala, ndipo akakayeza ndi rula adzapeza mamilimita pafupifupi 9. Tsono masamu aloŵepo. Mita imodzi ndi mamilimita 1,000. Tikagaŵa ndi 9 timapeza pafupifupi 110. Ndiye kuti mtunda wa pakati pa kabowo ndi pepala ndi wautali ka 110 kuposa kutambalala kwa chithunzicho, ndipo chimodzimodzi mtunda wa pakati pa ife ndi dzuŵa ndi wautali ka 110 kuposa kutambalala kwa dzuŵa. Dzuŵa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150,000,000. Ana akagaŵa ndi 110 adzapeza makilomita pafupifupi 1,360,000, pamene akatswiri amapeza 1,392,000. Magulu adzasiyana pa mayankho awo, ena atayeza mamilimita 8, ena 11. Lembani onse pa bolodi, mukambirane chifukwa chake asiyana, mukumbukirenso Hubble ndi Andromeda.

Chenjezo limodzi lisaphonyedwe, ndipo libwerezedwe musanatuluke m'kalasi: mwana asayang'ane dzuŵa, kaya ndi maso, kaya kudzera pa kabowoko, kaya ndi magalasi akuda a pamsika kapena galasi lofukizidwa utsi. Mkati mwa diso mumapsa popanda kumva kuŵaŵa, ndipo chilonda chake nthaŵi zina sichipola.

Ntchito ya usiku ikhale ya kunyumba, ndipo nthaŵi yake yabwino ndi miyezi yozizira ya June ndi July, mwezi ukakhala mumdima, utsi wa moto wa tchire usanachuluke. Pamenepo Mlalang'amba umaoneka bwino madzulo, ndipo chakum'mwera kumaoneka nyenyezi zinayi zokhala ngati mtanda, ndi zina ziŵiri zoŵala zoloza mtandawo; yoŵala kwambiri mwa ziŵirizo, imenenso yatalikirana ndi mtanda, ndiyo Alpha Centauri. Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zidikire madzulo a nyengo ya dzinja, mitambo ikapereka mpata. Mwana aliyense afunse agogo maina a nyenyezi amene akuwadziŵa, monga Nthanda, ndi nyengo imene zinkasonyeza, ndipo alembe mainawo pambali pa a m'buku. Ajambulenso ndi pensulo mtandawo ndi nyenyezi zonse zimene akuziona mouzungulira, nkuziŵerenga. Ngati inu kapena mphunzitsi mnzanu muli ndi foni imene ili ndi njira yojambulira usiku, itsamizeni pa njerwa kuti isagwedezeke, muilozetse ku mtanda womwewo, muilole itsegule kamera yake masekondi angapo. M'maŵa ikani chithunzicho pambali pa zojambula za ana, ndipo iwo aŵerenge okha nyenyezi zimene kamera yagwira koma maso awo sanazione.